Kwa Tamanda, Amene Akukaphunzira Kuyendetsa Zithunzi

Tamanda mwana wanga,

Amayi ako akuganiza kuti ndikadali ku nazale ya fodya. Ndathirira kale, ndipo tsopano ndakhala m'chigafa, pa benchi lija timasankhirapo fodya, kope lili pabondo, dzuwa likuswa mtengo kunjaku. Ndasankha kulemba chifukwa pakamwa panga sipadalirika. Ukundidziwa: ndikayamba kulangiza munthu ndimakathera ku nthabwala, onse n'kuseka, mawu enieni n'kutsalira kukhosi. Mawa m'mawa ukwera basi ya ku Lilongwe, mkuja ya ku Joni, ndipo zaka zitatu si masiku ochepa. Kalatayi usaitsegule pano. Ukaiwerenge basi ikadutsa malire, pamene sungathenso kubwerera kudzandiyang'ana m'maso.

Mpaka lero sindidziwa kufotokozera anthu chimene ukukaphunzira. Akandifunsa kutchalitchi ndimati, "Akukaphunzira kuyendetsa zithunzi." Amagwedeza mutu ngati amva, kenako wina amafunsa ngati zimenezo zili ndi laisensi. Ine ndimaseka nawo, koma mumtima ndimachita mantha aja amene munthu amachita akaima m'munsi mwa phiri lalitali. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala ndikujambula: zikwangwani za magolosale, nsomba ndi mabotolo pa makoma a malesitilanti, ndi makatuni amene ndimatumiza pa positi ku nyuzipepala ya pa sabata ku Blantyre. Zonsezo zimangoima pomwe ndazisiya. Iwe zako zidzayenda, zidzaphethira, zidzapuma. Pa makina amenewo ndilibe choti ndingakuphunzitse. Chimene ndili nacho ndi zolakwa zanga, ndipo ndi zimene ndakulongedzera.

Ine ndinanyoza makatuni a pa TV ndisanawaone. Chinali chaka chachiwiri cha makuponi a feteleza, chija chimanga chinadzaza nkhokwe mpaka matumba ena tinawasunga m'chipinda chako. Anthu anali ndi mtima wa chisangalalo, ndipo a Gondwe, aja ali ndi golosale pa Nkhamenya, anagula jenereta ndi TV n'kutsegula vidiyo sho kuseri kwa shopu yawo. Anandiitana kuti ndiwalembere chikwangwani. Loweruka masana ankaonetsa makatuni a ana, ndipo atandiuza kuti ndilowe ndione nawo, ndinayankha modzitukumula. "Ine ndimajambula za akuluakulu, a Gondwe. Tizidole tolumphalumphato tisiyireni ana." Mulungu amadziwa kuchepetsa munthu. Posakhalitsa kunagwa mvula yoyamba ya chaka chimenecho, ya matalala, ndipo ndinathawira mkati momwemo, bulashi ili m'manja, n'kuima kumbuyo kwa ana.

Pa TV panali nkhani ya m'chilankhulo chimene sindinamvepo ngakhale liwu limodzi. Mkulu wina wojambulidwa anali atakhala pakhomo pake, ndipo galu wake anabwera kudzagona pafupi naye. Koma galuyo sanangogona ayi. Ananunkhiza pansi, anazungulira kamodzi, kawiri, kachitatu, anatsitsa chiuno, kenako mapewa, anaika chibwano pamwendo, n'kutulutsa mpweya umodzi wautali mpaka nthiti zinaphwa. Ndinanong'oneza a Gondwe kuti abweze pamenepo.

"Yayi adada, ŵana ŵakwiyenge," anatero m'chinenero cha kwawo, kutanthauza kuti ana akwiya. "Dikirani atuluke."

Ana atatuluka, a Gondwe anabweza kanemayo n'kumaiimitsa pang'onopang'ono. Ndipamene ndinaona kuti galu panalibe. Panali zithunzi zokhazokha, chimodzi pambuyo pa chinzake, chilichonse chotuluka m'dzanja la munthu, chosiyana ndi chinzake pang'ono chabe monga amasiyanirana masamba awiri oyandikana pa mtengo umodzi wa fodya. Munthu wina kutsidya kwa nyanja zamchere, amene sadzamva dzina la kwathu kuno ku Simlemba mpaka imfa yake, anakhala pansi n'kuyang'ana galu wake masiku ambirimbiri kufikira anamudziwa. Nditafika kunyumba ndinakhala pakhonde n'kumadikira Tilipo, galu wathu uja, kuti agone. Anazungulira katatu. Anatsitsa chiuno, kenako mapewa. Anapuma mpweya womwe uja. Ine amene ndinali nditajambula agalu osawerengeka ndinali ndisanaonepo galu akugona. Uzikumbukira zimenezi, Tamanda: yamba wayang'ana. Dzanja lizibwera pambuyo pa diso. Ndipo chinthu chimene sunakhale pansi n'kuchionetsetsa usachinyoze, ngakhale anzako onse akuchiseka.

Za a Namakhwa mwina sukuzikumbuka, unali wamng'ono. Anali tenanti wochokera ku Phalombe, ankalima pa esiteti ija ili kutsidya kwa dambo. Anali munthu wamtali khosi, khutu lake lamanzere lopindika chifukwa cha moto umene anapsa nawo ali khanda. Nyengo imene matenanti amalandira malipiro awo, ndinakumana nawo pamsewu atamanga matilesi atsopano pa keliyala, njinga ikuyenda mokhotakhota chifukwa cha mphepo. Ndinaseka ndekha, ndipo tsiku lomwelo ndinajambula katuni: tenanti pa njinga, matilesi kumbuyo, wailesi pakhosi, botolo la mowa m'thumba, ndipo kutali ana atagwira mbale zopanda kanthu. Pansi ndinalemba kuti, "Fodya wagulidwa, nzeru zagulitsidwa." Nkhope sindinavutike kuipeka. Ndinangotenga khosi lija ndi khutu lija. Katuniyo inatuluka m'nyuzipepala, wina anaimata pakhoma la golosale, ndipo sabata isanathe dera lonse linkawatchula kuti a Matilesi.

Lamulungu lina masana anabwera m'chigafa muno, pepala lija atalipinda bwinobwino. Anavula chipewa, anandipatsa moni, anafunsa za ana, kenako analitambasula pa benchi lino.

"Ndinu munajambula ichi, bambo?"

"Ndine," ndinayankha, "koma si inu ayi. Ndi munthu wongopeka."

"Khutu ili ndi langa," anatero, ataloza ndi chala. Kenako anatsitsira chalacho pa njinga. "Njinga mwaijambula bwino, ndi tcheni chomwe. Koma botolo ili sindikulidziwa, ine sindimwa. Matilesiwa ndinagulira akazi anga. Chiyambireni kudwala msana agona pamphasa miyezi isanu ndi iwiri, mpaka zilonda zatuluka m'chiuno. Mukanandiimitsa pamsewu paja n'kundifunsa, ndikanakuuzani."

Sanakweze mawu, sanatukwane. Anavala chipewa chawo n'kupita, pepala analisiya. Ndinkadziuza kuti ndidzapita kukapepesa pamaso pa akazi awo, koma manyazi anandizengereza, ndipo chaka chotsatira anasamukira ku esiteti ina kumene sindikudziwa. Mkonzi wa nyuzipepala anandilembera kuti katuni imeneyo inakondedwa kwambiri. Mwana wanga, kuseketsa anthu si chizindikiro chakuti wanena zoona. Ukafuna kuseka munthu, sankha amene ali ndi mphamvu zoposa zako, amene angathe kukuyankha. Amene alibe poyankhira, muimitse pamsewu umufunse kaye. Yamba wayang'ana, ndipo ukayang'ana usaganize kuti waona zonse.

Chiyambireni tsiku limenelo pali makatuni ena a pa TV amene sindiwaonera ndi mtima umodzi. Ukuwadziwa, aja munthu amapondedwa ndi galimoto n'kuphwatalala ngati tsamba la fodya lopanikizidwa m'jeke, kenako n'kudzikung'untha n'kumathamanganso. Ndimaseka, sindikana, ndipo luso la owajambula ndimalivulira chipewa, pakuti kuchititsa thupi kutanuka chotero si ntchito ya masewera. Koma sabata yotsatira munthu yemweyo amabweranso alibe chipsera, sakumbukira kanthu, sanaphunzire kanthu, ndipo zaka zikapita khumi amakhala ndi malaya omwewo ndi msinkhu womwewo. Zimenezi zimanditopetsa ngati munda umene sumera, suuma. Amene ine ndimawalemekeza ndi aja oti munthu akataya chinthu m'gawo la lero, m'gawo la mawa amakhala alibe. Mnzake akamulakwira, umaona m'mene akumupatsira moni kuti chilonda chilipo. Ana si opusa, amazindikira zimenezi kuposa ife. Ukadzapatsidwa mwayi wopanga nkhani yako ya magawo ambiri, anthu ako azikula, azikumbukira. Komanso usadzawalankhulitse kwambiri. Pali makatuni ena amene chimayenda ndi pakamwa pokha, thupi lonse lili gwa ngati mzati wa chigafa. Amenewo ndi wailesi yovala zithunzi. Ngati munthu angathe kutseka mawu n'kumvabe nkhani yako, ndiye kuti wagwira ntchito.

Nditachoka ku kunyoza ndinagwera ku mbali ina, n'kuyamba kutengera. Loweruka lililonse ndinkakhala kwa a Gondwe ndi kope, n'kumakopera nkhope za pa TV: maso aakulu ngati mbale, timphuno tosongoka, tsitsi lolendewera ngati ndevu za chimanga. Bungwe lina la alimi litandipempha chithunzi cholimbikitsa anthu kubzala mitengo ya chigafa, ndinajambula banja lonse mwanjira imeneyo, n'kungolipaka khungu lakuda. Ndinachinyadira kwabasi. Ndinachionetsa kwa amayi ako akupeta pabwalo. Anaika lichero pansi, anapukuta manja, anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Awa ndi ana a yani?" anafunsa.

"Ndi alimi, a Nambewe. Alimi ngati ife."

"Alimi a kuti? Zidendene zosalala chonchi? Nanga mayiyu chitenje wamanga bwanji? Akangowerama ndi khasu chigwa, aona manyazi pamaso pa apongozi." Anatola lichero n'kupitiriza kupeta. "Inu mwakhala nane zaka zonsezi, simudziwa kuti mfundo ya chitenje imakhala mbali iti?"

Sindinadziwe. Ndinachita kupita kukayang'ana. Kumene ukupitako, Tamanda, ukapeza aphunzitsi odziwa zinthu zimene ine sindingazilote, ndipo uwamvere, uphunzire zonse, usasiye kanthu m'mbale. Adzakuonetsa m'mene anthu a kwawo amayendera, amasekera, amaliririra. Phunzira njira yawo yoyang'anira, koma nkhope usabwereke. Palibe wina pa sukulu imeneyo amene akudziwa m'mene mayi amadzukira ndi ndowa yodzaza pamutu, khosi lili njo, maso okha n'kumayenda. Palibe amene anaonapo manja akuda ndi utomoni wa fodya, kapena kamvuluvulu akudutsa m'munda wouma mwezi uno atanyamula mapesi, kapena m'mene mnyamata amagwirira chigongono popereka moni kwa wamkulu. Zimenezo wazinyamula iwe wekha, ndipo sizili m'chikwama. Ukadzaziona ngati zochititsa manyazi, dziwa kuti wayamba kusochera.

Sindinakuuzepo chimene chinandichitikira tsiku lija a Sisitere anandiitana ku sukulu kwanu, uli Fomu 3. Ndinapalasa njinga mtima uli m'mwamba, ndikuganiza kuti wapalamula. M'malo mwake anandilowetsa m'chipinda cha makompyuta, n'kundikhazika pampando, iwe utaima pakona ukudya chikhadabo. "Bambo, taonani zimene mwana wanu wakhala akuchita nthawi yopuma," anatero a Sisitere. Pagalasi la kompyuta panaoneka manja awiri a mzimayi akusoka fodya. Manja okha, opanda nkhope, opanda mawu. Singano inalowa pa tsinde la tsamba, inatuluka, chala chachikulu chinakankhira tsambalo m'munsi mwa chingwe, dzanja lina linali litatola kale lina. Kenako manjawo anaima, dzanja limodzi linadzitambasula zala chifukwa cha kutopa, n'kuyambiranso. Zonsezo sizinakwane mphindi imodzi. Ndinawazindikira manjawo. Anali a amayi ako, ndi kachitidwe kawo kaja kotambasula zala kuyambira chaching'ono. Ndinapempha a Sisitere kuti abwereze, anabwereza kasanu. Iwe unandifunsa kuti, "Zili bwanji, ababa?" Ine ndinati, "Singanoyo yatalika." Ndi zokhazo zimene ndinanena. Pobwerera ndinatsika panjinga pa mlatho, n'kukhala pamwala. Ndinali nditaona chinthu chamoyo chikutuluka m'manja mwa mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira pensulo, ndipo sindinadziwe kuti chinachokera kuti. Singano sinatalike, Tamanda. Ndinasowa chonena, ndipo mwamuna wopusa akasowa chonena amadzudzula. Iwe ukadzaona ntchito ya mnzako yokuposa, nena pomwepo kuti yakuposa. Mawu amenewo akachedwa amawola.

Tsono za nkhani zako zolemba. Unayamba kubwera patchuthi ndi timabuku ta ku laibulale ya sukulu, ta nkhani zazifupi za zinthu zosatheka: mizinda yoyandama, anthu olankhula ndi mitsinje, makomo otsegukira ku dziko lina. Kenako unayamba kulemba zako. Mkulu wina wa mpingo ataona kope lako m'manja mwa mwana wake, ananditengera pambali titaweruka mapemphero. "Abale, mwana wanu akulemba zinthu zonunkha ufiti. Muzimuyang'ana." Ine m'malo momuuza kuti ayambe wawerenga, ndinachita mantha ndi mbiri ya banja, ndipo ndinadzakuuza patebulo kuti usiye zabodzazo, ulimbikire masamu. Koma ukapita kudimba ndi amayi ako, ndinkatenga timabuku tija n'kumawerenga m'chigafa muno. Ndinatiwerenga tonse, tina kawiri.

Ndiye imva maganizo a munthu amene anawerenga mobisa. Nkhani yotere ikakhala yabwino imakhala ndi chodabwitsa chimodzi chokha, ndipo zina zonse zimakhala zoona mpaka fungo lake. Munthu angathe kuuluka, koma akatera mapazi azimupweteka, ndipo kunyumba azifunsidwa kumene anali. Zofooka ndi zija wolemba amathira zodabwitsa mulu: pano chinjoka, apo mphete yamatsenga, uko mfumu yobadwanso. Ukudziwa chimene chimachitika ukathira feteleza wambiri pa mbande, imapsa. Komanso chodabwitsacho chizikhala ndi mtengo wake. Ngati munthu apeza mphamvu popanda kutaya kanthu, sindimukhulupirira, pakuti pa dziko lino sindinaonepo chinthu chotero. Ndipo nkhani yaifupi izitha msanga, isadikire kufotokoza zonse. Izi si zabodza monga ndinanenera patebulo paja. Bodza limabisa choona. Nkhani zimenezi zimatenga choona chimene tazolowera mpaka sitichionanso, n'kuchiveka chovala chachilendo kuti tichicheukire. Wina akadzakuuza kuti ndi za ana kapena za afiti, mufunse mwaulemu ngati wawerenga.

Tsopano ndafika pa chimene ndakhala ndikuchizungulira kuyambira tsamba loyamba. Si timabuku tokha timene ndinkawerenga. Ndinatsegulanso kope lako, lija la chikuto chobiriwira. M'menemo munali nkhani ya mayi wina, tenanti, amene ankagwira ntchito pa esiteti kutali ndi kwawo. M'mawa uliwonse, iye akawerama pa fodya wa bwana, chithunzithunzi chake chinkachoka kumapazi kwake n'kupita kumudzi kwawo kukalima munda wake womwe unagonera. Madzulo chinkabwerera chitatopa, kumapazi kuli dothi la mtundu wina. Ndiye tsiku lina sichinabwerere, ndipo mayiyo anayenera kusankha kukhala pa esiteti wopanda chithunzithunzi kapena kuchilondola. Unali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndinaiwerenga nditaimirira, n'kuiwerenganso nditakhala pansi. Sindinawerengepo chinthu chonena zoona za anthu a kutsidya kwa dambo ngati masamba anayi amenewo.

Mwezi wotsatira inafika nyengo ya feteleza wa makuponi. Ndinagona pamzere kudepoti masiku atatu pamodzi ndi anzanga, mvula itagwa kale, minda ikutidikira. Nditabwerako ndinatenga pepala n'kujambula mzere wautali wa anthu, makuponi ali m'manja, dzuwa lili pamutu, koma pansi popanda chithunzithunzi ngakhale chimodzi. Zithunzithunzi zonse zinali kutali, kuminda, zitagwira makasu, zikulima. Sindinalembepo mawu alionse. Pakona ndinasaina dzina langa, n'kutumiza.

Pa zonse zimene ndajambula moyo wanga wonse, palibe imene inayenda ngati katuni imeneyo. Inatuluka yaikulu, theka la tsamba. Mkonzi anandiimbira foni, chinthu chimene anali asanachitepo. Anthu anaidula n'kuimata m'mashopu ndi m'zigayo. Mphunzitsi wina wa ku Njombwa anandipeza pa boma n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. "Achimwene, maganizo amenewa munawatenga kuti?" Ine ndinaloza mutu wanga n'kuseka. Mkulu wa mpingo uja, yemwe uja, anandiuza kuti Mulungu anandipatsa mphatso.

Utabwera patchuthi cha Khirisimasi unaipeza nditaimata pakhoma la pabalaza. Ndinali pakhomo, ndinkakuona. Unaika chikwama pansi, unaima patsogolo pake nthawi yaitali, kenako unatembenuka n'kundiyang'ana.

"Yakongola, ababa," unatero.

"Zikomo," ndinayankha.

Unalowa kuchipinda. Kuyambira tsiku limenelo kope lobiriwira sindinalionenso, ndipo sunandionetsenso nkhani ina iliyonse. Zojambula unkandionetsa, koma zolemba ayi. Papita zaka zinayi. Tadya pamodzi, talima pamodzi, taseka pamodzi, ndipo nkhani imeneyi yakhala pakati pathu ngati chitsa m'munda chimene aliyense amangochilambalala ndi khasu.

Ndinakubera, mwana wanga. Palibe dzina lina loti ndingachitchule. Ndinakuuza kuti nkhani zako ndi zabodza, kenako ndinatenga yabwino koposa n'kudyera ulemu. Ndinadzinamiza kuti maganizo alibe mwini, kuti za mwana ndi za bambo ake, kuti mzere wa kudepoti ndinauona ndekha. Mzere ndinauonadi, koma ndinaima pamenepo masiku atatu osaona chithunzithunzi cha munthu aliyense. Diso limene linaona linali lako. Ndinachita nsanje ndi mwana wanga yemwe. Sindikupempha kuti undiyankhe msanga. Ukhoza kukwiya chaka chonse, uli ndi ufulu. Chimene ndikupempha n'chakuti usasiye kulemba chifukwa cha ine. Ngati kope lija ulinalo, litenge. Mayi uja anayenera kusankha, ndipo tsamba lomaliza unalisiya lopanda kanthu. Ine ndakhala zaka zinayi ndikufuna kudziwa ngati anachilondola.

Kumene ukupitako kuli anthu ambiri onga ine, ena aulemu wawo, ena okukonda ndithu. Adzayamikira ntchito yako ndi pakamwa pamene manja akuisolola. Pa chilichonse chimene wapanga uzilembapo dzina lako, ngakhale kachithunzi ka pa chikuto cha kope. Mukagwira ntchito pagulu, pakuti ndamva kuti makatuni oyenda sapangidwa ndi munthu mmodzi, uzitchula aliyense amene anaikapo dzanja, ngakhale amene anangonena mawu amodzi amene anatsegula njira. Ndipo wamkulu akadzakutengera chako, usadzanene kuti "yakongola" n'kulowa kuchipinda. Ulemu umene tinakuphunzitsa sutanthauza zimenezo. Udzaime, udzanene modekha kuti, "Ichi ndi changa." Ukanandiuza choncho tsiku lija ndikanakwiya, koma ndikanachira msanga.

Zina zonse amayi ako akuuza kale ndipo akuuzanso mawa: juzi ya m'nyengo yozizira, kusayenda wekha m'malo osawadziwa, kusadumpha chakudya chifukwa cha ntchito, kupeza mpingo. Uziwaimbira Lamulungu lililonse tikaweruka. Adzanamizira kuti mayunitsi akutha, koma usadule.

Sabata yatha ndinapita ku positi. Ndinalembera mkonzi kumuuza zonse monga ndakuuzira iwe, ndi kumupempha kuti alengeze m'nyuzipepala kuti maganizo a katuni ija anali a Tamanda, mwana wanga. Sindikudziwa ngati adzatero, ndipo sindikudziwa ngati adzalandiranso zojambula zanga. Dzulo ndinauza amayi ako. Sanadabwe. Anangoti, "Ndimadikira kuti mudzanena liti." Lero m'mawa, iwe uli kukatsanzika kwa azakhali ako, ndinamatula katuni ija pakhoma. Ili mu envulopu momwemu, kuseri kwa tsamba lino, yafiira pang'ono ndi utsi. Uyang'ane pakona ya kumanja. Dzina langa ndalidula ndi mzere umodzi kuti lizionekabe, usadzaiwale kuti zinachitika, ndipo pamwamba pake ndalemba lako.

Pita bwino, mwana wanga. Mulungu akutsogolere, ndipo akusungire maso amenewo.

Ndine bambo ako.